Gulu la makolo a ana aulumali kuno ku Mangochi: zomwe ndapezako

Mwana wanga anadwala malungo aakulu ali ndi zaka ziwiri. M'chipatala anatuluka wamoyo, koma khosi lili lende, kukhala yekha osatha, phala likangolowa m'kamwa n'kumutsamwa. Kumudzi kunali zokamba. Ena amati bambo ake anamukhwimira kuti ukonde uzidzaza usipa, ena amati ndipite naye kwa asing'anga. Ndinangoyamba kumutsekera m'nyumba.

Amene anandikokera ku gululi ndi mayi wina yemwe tinkakhala limodzi pa benchi podikira mafizo. Anandiyang'ana mmene ndinamuberekera mwana n'kunena kuti, "Asisi, bwerani Lachinayi, mudzaone anzanu."

Gululi silinabwere ndi boma kapena azungu. Analiyambitsa ndi amayi angapo omwe ankakumana pa benchi yomweyo mwezi ndi mwezi, mpaka anagwirizana zomakhala pansi pa mtengo wa mango kumakambirana. Wapampando, agogo olera mdzukulu wosamva, ndi amene anandiuza kuti PODCAM, bungwe la makolo a ana aulumali m'dziko muno, nalonso ndi la makolo eniake, ndipo lili mu FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali womwe unayamba mu 1999. MACOHA, lomwe linali bungwe la boma loona za anthu aulumali, linakhazikitsidwa kalekale, mu 1971. Koma agogowo amati wodziwa kulemera kwa mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri ndi amene amamubereka kumsana.

Mukamapita, musatenge thumba loti mukalandiriremo ufa. Kulibe. Ine tsiku loyamba ndinabwerako nditakhumudwa, ndalama ya kabaza itapita pachabe. Ulendo wachiwiri ndi pamene anandiphunzitsa kudyetsa mwana: akhale tsonga, chibwano chiweramire pang'ono, phala likhale lolimbirako, sipuni yaing'ono, osathamanga. Ine ndinkamugoneka chagada n'kumamuthira phala lamadzimadzi, osadziwa kuti ndi lomwe linkamutsamwa. Kenaka tinamupangira mpando wa makatoni, manyuzipepala akale ndi phala la ufa wa chinangwa lomatira. Ndinaseka poyamba. Utauma padzuwa la kunoli unalimba ngati thabwa, ndipo pano amakhalapo pakhonde kumaonerera anzake akusewera fulaye, nkhuku zikumutolera nyenyeswa m'mapazi.

Za sukulu ndiye ndimawavulira chipewa. Aphunzitsi aakulu pa sukulu ina anandibweza, ati alibe mphunzitsi wa ana otere. Amayi awiri a m'gulumu anavala zitenje zawo zabwino n'kundiperekeza, atanyamula pepala la lamulo la anthu aulumali la 2012, lomwe linaletsa kukaniza munthu maphunziro chifukwa cha ulumali. Sanakalipe. Anangoti, "Bambo, tiwerengereni apa, maso athu ndi okalamba." Mwana analembedwa sabata yomweyo.

Zodandaula zilipo ndithu. Msonkhano wa 8 koloko umayamba 11, ndiye mu Okutobala, ndi kutentha kwa ku Mangochi kuno, ana amakhala atalefuka kale. Banki mkhonde yomwe tinayambitsa kuti tizithandizana pa thiransipoti tsopano imadya nthawi yambiri kuposa nkhani za ana, ndipo masiku ena timangobalalika titakangana za ngongole. Kukamveka kuti kukubwera alendo pa galimoto, anthu amadzaza mpaka nkhope zomwe sitinazionepo. Sabata yotsatira timatsala omwe aja. Abambo nawo sabwera. Wanga amati ali kunyanja, ngakhale tsiku loti mwera wakuntha ndipo bwato lili pamtunda. A kutali ngati ku Namwera kapena ku Makanjira, ulendo wake ndi wodula moti sindingawanamize kuti azibwera sabata iliyonse. Kuli bwino ayambitse lawo komweko.

Kwa ine, pa nyenyezi zisanu ndikupereka zinayi. Lachinayi likubwerali tikupanga mpando wina, wa kamtsikana ka ku M'baluku. Amene muli ndi makatoni olimba, aja a sopo, tisungireni.