Kanazale ka mitengo kufupi ndi Ngabu, mbande ndi bho koma njere za nimu ayi

Amene mukusaka mbande za mitengo chaka chino musathamangire zobiriwira bii zochokera kumtunda zija, pagalimoto zimaoneka bwino koma zikangotsika Thabwa nkukumana ndi dzuwa lakuchigwa kuno zambiri zimangofota. Ine ndimagula pa kanazale kena ka gulu la amayi kufupi ndi Ngabu, mbande zawo ndi zazifupi, tsinde lolimba, masamba osawala kwenikweni moti munthu wosadziwa atha kuzinyoza, koma mmunda zimagwira.

Ali ndi nsangu, kesha, mthethe, nimu, bwemba ndi chamwamba, koma chomwe chinandigwira mtima ndi mmene amafesera nsangu. Njere yake paja chikopa ndi cholimba, ukangoiponya mu chubu imatha kukhala osamera mpaka kutopa nayo, ndiye amayiwa amakhala pa mkeka ndi chowengera zikhadabo kudula pang'ono njere imodziimodzi, chakumbali kutali ndi pomwe pamatulukira muzu, kenako kunyika mmadzi usiku umodzi, mmawa zatupa basi kufesa. Dothi samangotapa makande athu aja omwe akauma amang'ambika, amasakaniza ndi mchenga wamumtsinje komanso manyowa owolerana, ndipo madzi a pa mjigo wawo akuti ngamchere amawotcha mbande ndiye amakatunga pachitsime china chapatali ndithu. Machubu amawasuntha pafupipafupi kuti muzu usaboole nkulowa pansi, nsangutu muzu wake umathamanga kuposa tsinde, ukadzaizula itazika kale ndiye kuti waipha. Masabata omaliza amasasula udzu wa pa shedi nkuchepetsa kuthirira kuti zizolowere kutentha zisanapite kumunda, nchifukwa chake zimaoneka ngati zanjala.

Pomwe anandikhumudwitsa ndi pa njere za nimu zomwe amagulitsa mmajumbo. Ndinatenga kuti ndifese ndekha kunyumba, zinamera zowerengeka chabe, ndipo si nkhani yothirira ayi, nimu njere yake sisungika, pakangopita masabata ochepa chitoleleni mphamvu yatha, ndiye kugulitsa zakalekale osamuuza munthu si bwino olo pang'ono. Nditakadandaula mayi tcheya anangoti "pepani achimwene, zinatsala zija", ndalama osabweza. Gulani mbande zomeramera, kapena tolani nokha zakupsa pansi pa mtengo, kuchotsa mnofu, kufesa sabata yomweyo.

Mtengo wa mbande ndi wofikirika ndipo ukatenga zambiri amachotserako, kulipira pafoni amalola. Thiransipoti alibe, pitani ndi ngolo kapena njinga yokhala ndi dengu, mmamawa dzuwa lisanakwere. Nyengo yodzala mitengo boma limatsegulira pa 15 Disembala mpaka 15 Epulo, koma chidutsireni namondwe Freddy mu 2023 ofuna kudzala mmbali mwa mitsinje achuluka, nsangu ndi mthethe zimatha msanga, ndiye kalembetsenitu mu Novembala mvula isanagwe.