Mapasa a Jackie Chan kapena mapasa a ku Jupiter Hollow?

Mukafunsa ku Ndirande kapena ku Bangwe za filimu ya mapasa osokonezedwa, aliyense amene anakulira m'ma video show akutchulirani Twin Dragons ya Jackie Chan, ya 1992. Big Business ya 1988 ndi ochepa anaimvapo. Ine ndinaipeza pa fulashi imene ndinakaikitsa mafilimu ku Limbe, ndipo mwezi wathawu tinaonera mafilimu onse awiri kunyumba ku Chilomoni, ina Loweruka ina Lamulungu. Tinalipo ine, mayi anga, alamu anga ndi ana. Mpaka lero sitinagwirizane.

Twin Dragons ambiri mukuidziwa. Chigawenga chothawa apolisi chikulanda khanda limodzi m'chipatala ku Hong Kong. Wina akukulira ku America n'kukhala wotsogolera gulu lalikulu la oimba, mnzakeyo akukhala makaniko wa zibakera. Onse ndi Jackie Chan. Chokoma chake n'chakuti wina akagwedeza mkono, mnzake kwinako mkono umagwedezekanso. Pamene makaniko uja waimikidwa kutsogolo kwa oimba, sakudziwa n'komwe chochita ndi kamtengo kali m'manja, ana anagubuduka pamkeka ndi phwete. Ndewu yomaliza ya kumalo oyesera magalimoto ndiye alamu anga anaibweza katatu. Mfundo yawo ndi yomveka: filimuyi ngakhale mutatseka mawu, kapena jenereta ya aneba ikulira, nkhani mukuitsatabe.

Koma nditafunsa ana m'mawa mwake kuti mapasa aja anamva bwanji atadziwana, palibe anayankha. Anakumbukira mateche okha.

Big Business ilibe chibakera ndi chimodzi chomwe. Banja lolemera la a Shelton likudutsa m'kamudzi kotchedwa Jupiter Hollow, mayi, amene ndi woyembekezera, n'kuyamba kumva matenda. Chipatala cha pamalopo ndi cha ogwira ntchito pa fakitale ya mipando okha, ndiye bamboyo akungogula fakitale yonseyo kuti mkazi wake alandiridwe. Nthawi yomweyo mayi wosauka wa kwa Ratliff nayenso akuchira mapasa. Namwino wokalamba, maso atafooka, akusokoneza makandawo, banja lililonse likutenga mwana wake mmodzi ndi wa eni mmodzi. Mabanja onse awiri akutcha ana awo Rose ndi Sadie. Bette Midler akusewera ma Sadie onse, Lily Tomlin ma Rose onse.

Patapita zaka ngati 40, Sadie wa ku New York, wankhanza uja, akufuna kugulitsa fakitale ija. Rose wa kumudzi akukwera ulendo kukamenyera ntchito za anthu akwawo, ndipo anayi onsewo akupezeka mu hotela imodzi, ya Plaza, osadziwana.

Apa m'pamene filimuyi inandigwira mtima. Sadie amene anakulira kumudzi sakhazikika, mtima wake uli ku tauni chikhalire sanaionepo. Rose amene anakulira m'chuma ndi wamanyazi, m'maofesi amangosowa poika manja, amalakalaka kakhonde ndi ziweto. Aliyense akudzimva mlendo pakhomo pamene anakulira, ndipo sakudziwa chifukwa. Ife a mu Blantyre muno, amene theka la mtima lili ku Thyolo kapena ku Ntcheu, zimenezi si zachilendo. Ndimadziwa anthu amene akhala mu mzinda uno zaka 30 koma amagona tulo tabwino pokhapokha akapita kumudzi.

Vuto lake ndisabise. Nthabwala zake zili m'mawu, ndipo ndi Chingerezi chothamanga, china cha kumidzi ya ku America. Ndinkaimitsa kawirikawiri kuti ndiwamasulire mayi, zimene zinawatopetsa alamu. "Alamu, anthuwa angolankhula mpaka liti?" anatero, n'kutuluka panja ndi foni. Komanso chapakati imazungulira kwambiri, uyu walowa chitseko ichi, uyo watulukira icho, kuchedwetsa dala kukumana kwawo. Twin Dragons nayo ili ndi matenda omwewa pa nkhani ya zibwenzi ziwiri za mapasawo, kungoti ndewu zimabisa.

Ngati pakhomo padzaza ana ndi anyamata, ikani ya Jackie Chan, simulakwa. Koma ngati muli ndi madzulo abata, ndipo pali wina wodekha womasulira, ine ndikuti Big Business ndi imene ikuyenera kufunidwa, ndipo zimandiwawa kuti inaiwalika chonchi.

Mayi anga sanaseke kwambiri. Pamene akazi aja anakumana kuchimbudzi cha mu hotela, Sadie n'kumayesa mnzake ndi kalilole, anasendera pafupi ndi TV. Itatha anakhala chete, kenako anati, "Mwanawe, ndiye amayi awo aja anamwalira osadziwa?" Anandiuza kuti ndisaifufute pa fulashipo, akufuna adzaionenso ndi achemwali awo akabwera kuchokera ku Mulanje.