Ndemanga: Ma burette a diripi ya ana patatha miyezi itatu

Ndine namwino pa chipatala china chaching'ono ku Area 25 kuno ku Lilongwe, ndipo kwa miyezi itatu tsopano takhala tikugwiritsa ntchito ma burette a 150 ml (timabotolo ta mlingo timene timakhala pakati pa botolo la diripi ndi mkono wa wodwala) omwe tinagula kusitolo ina ya zipangizo zachipatala ku Old Town.

Chomwe ndawakondera kwambiri n'chakuti ml imodzi imatuluka madontho 60, pamene pa giving set wamba (kapaipi ka diripi kopanda burette) imatuluka madontho 20. Popeza ola lili ndi mphindi 60, nambala ya ma ml pa ola ndi yomweyonso ya madontho pa mphindi, choncho mwana wolemera makilogalamu 8 amene walemberedwa 32 ml pa ola timangomuwerengera madontho 32 pa mphindi. Pa giving set wamba pamafunika kuchulukitsa 32 ndi 20 kenako kugawa ndi 60, n'kupeza madontho pafupifupi 11, ndipo aliyense amene anayesapo kukhazika diripi pa liwiro lochepa chotero akudziwa kuti mwana akangowongola mkono madzi amayamba kuthamanga. Ine ndimathira mu burette madzi a maola awiri okha, 64 ml, n'kutseka kumtunda, kotero kuti zitavuta bwanji botolo lonse la 500 ml silingathere m'thupi la mwana. Kwa ana onyentchera, amene mtima wawo suchedwa kulemedwa ndi madzi, zimenezi zimandipatsa mtendere.

Kusakaniza nakonso kwaphweka. Dokotala akafuna madzi a diripi a Ringer's lactate okhala ndi shuga wa 5%, ndimathira 90 ml ya Ringer's, ndiwonjezere 10 ml ya dextrose 50% (madzi a shuga wambiri) pakabowo ka pamwamba, ndigwedeze pang'ono, kenako ndilembe papulasitala zomwe ndathira ndi nthawi yake kuti mnzanga wolowa usiku asachite kuganizira.

Zondidandaulitsa zilipo ziwiri. Timizere ta mlingo n'tosaoneka bwino, moti magetsi akazima ndimachita kuyandikitsa tochi ya foni kuti ndisiyanitse 60 ndi 65. Chachiwiri n'chachikulu: ma burette awiri m'bokosi lathu anali ndi kagudumu kotsekera kolobodoka, ndipo pa imodzi madontho anakwera kuchoka pa 32 kufika pa 50 ola lisanathe. Ndinazindikira msanga chifukwa ndimawerenganso ndi wotchi ola lililonse, ndipo ndinaisintha pomwepo.

Tidzagulanso, koma ndapempha akuluakulu athu kuti ulendo uno tikatsegule imodzi kusitolo komweko tiyese kagudumuko tisanalipire.