Nyimbo za lounge pa bala kapena pa loji: Spotify, YouTube, wailesi ya pa intaneti, kapena kugula mafayilo?

Funsoli limangobwerabwera kuchokera kwa eni mabala ang'onoang'ono, malo odyera ndi maloji a m'mbali mwa nyanja: nyimbo zofatsa zija, zosakaniza jazz, house ndi soul, zimene alendo amamwera kachakumwa dzuwa likulowa, tizizitenga kuti? Njira zimene anthu amayendadi ndi zinayi: YouTube, wailesi ya pa intaneti, Spotify, ndi mafayilo ogula n'kusunga. Ndisabise, mtima wanga uli pa yachinayiyo, ndipo Spotify ndili nayo mawu.

Tiyambe ndi nyimbo yakeyo, popeza ndi imene iweruze mlanduwu. Mtundu umenewu unakulira ku Café del Mar, bala ya m'mphepete mwa nyanja ku Sant Antoni pachilumba cha Ibiza, imene inatsegulidwa mu 1980. DJ wake José Padilla anasonkhanitsa chimbale choyamba chotchedwa dzina la balayo mu 1994. Ku Paris, Stéphane Pompougnac anayamba zimbale za Hôtel Costes mu 1999, ndipo mu 2000 St Germain anatulutsa Tourist ku Blue Note, kampani ya jazz yeniyeni. Liwiro la nyimbozi limakhala pakati pa 85 ndi 110 BPM (kugunda pa mphindi imodzi), ndipo zikapendekera ku deep house zimafika cha m'ma 120. Kukoma kwake kuli m'tinthu tating'onoting'ono: burashi yokwekwesa pa ng'oma, kunjenjemera kwa piyano ya Rhodes, mpweya wa woimba sakisofoni asanalize, kamawu kotsalira kamene kamazimirira pang'onopang'ono nyimbo ikamatha. Fayilo ikafinyidwa kwambiri, tinthu timeneti ndi timene timayamba kufa. Dancehall imapirira fayilo yoipa chifukwa besi imakwirira zonse. Iyi ayi, imakuyalutsani.

YouTube sitichedwapo. Ma mix a maola atatu ali mbwee, koma zotsatsa malonda zimalowerera pakati pa nyimbo, zofuula kuposa nyimboyo, alendo onse n'kutembenuka. Bandulo imathera pa chithunzi cha kanjedza chimene palibe akuchiyang'ana, ndipo pa foni, ngati simulipira Premium, sikirini ikangozima nyimbo nayo yazima. Choipitsitsa ndi mawebusayiti osandutsa vidiyo kukhala MP3. Amalemba 320 kbps pa fayilo (nambala ya kbps ikakula, mawu amakhala abwino), pomwe mawu amene atenga ku YouTube ndi a cha m'ma 128 kbps. Kuthira madzi mu mkaka sikuchulukitsa mkaka. Nyimbo zambiri za mu flash za anyamata a pamsika zinadutsa njira yomweyi. Mukafuna umboni, tsegulani fayiloyo ndi kapulogalamu kaulere ka Spek, koonetsa mawu ngati chithunzi: mukaona mitundu yadukira cha pa 16 kHz ngati yadulidwa ndi chikwanje, dziwani kuti 320 ija ndi dzina chabe.

Wailesi ya pa intaneti ndimaipatsa ulemu. SomaFM ya ku San Francisco, imene yakhalapo kuyambira 2000, ili ndi tchanelo cha Groove Salad choimba downtempo usana ndi usiku, popanda zotsatsa malonda, chifukwa amaithandiza ndi omvera eni ake. Nyimbo amasankha anthu odziwa, ndipo pa 128 kbps imadya pafupifupi 58 MB pa ola, kutanthauza 14 GB pa mwezi ngati mukuimba maola 8 patsiku. Vuto lake ndi lakuti simungadumphe nyimbo, nthawi zina imapita ku zachete kwambiri zoyenera munthu wogona osati bala, ndipo netiweki ikagwa basi, zii. Ndi yabwino pophunzirira mayina. Ikaimba nyimbo yokugwirani mtima, lembani dzina, mukaigule.

Tsopano Spotify, imene inafika ku Malawi mu February 2021 ndipo ambiri amaiona ngati yankho la zonse.

Zabwino zake nzodziwika, sindizibwereza. Chimene ambiri sawerenga ndi malamulo amene anavomera potsegula akaunti: Spotify, ya ulere ngakhalenso ya Premium, ndi yomvera munthu payekha, osati yoimbira makasitomala pa bizinesi. Iwo eni ake amatumiza eni mabizinesi ku kampani ina, Soundtrack (kale Soundtrack Your Brand), yolipira padera. Ndiye ndalama imene mumapereka mwezi ndi mwezi sikukugulirani ufulu umene mukuganiza kuti mwagula. Ena anena kuti ndani abwere kudzaona ku Nkhata Bay kapena ku Mangochi. Chabwino, tisiye lamulolo tione mmene imagwirira ntchito madzulo enieni.

Akaunti imodzi imaimba pa chipangizo chimodzi nthawi imodzi. Bwana ali m'galimoto ku Lilongwe atsegula Spotify pa foni yawo, kuloji nyimbo yangoti dwii pakati pa chakudya chamadzulo, woperekera zakudya akuthamangira ku ampu kuganiza kuti waya wazuka. Mankhwala ake ndi kudawuniloda mndandanda wonse n'kuika chipangizo cha pabala pa Offline Mode. Koma apanso pali chingwe: chipangizocho chiyenera kulowa pa intaneti kamodzi masiku 30 aliwonse, apo ayi nyimbo zimene munadawuniloda sizitseguka. Ndipo mwezi umene khadi la kubanki lakana kulipira, akaunti imabwerera pa yaulere, nyimbo zonse zosunga zija zimatsekeka tsiku lomwelo. Munalipira zaka ziwiri, m'manja mulibe ngakhale nyimbo imodzi. Ndi lendi imeneyo, si kugula.

Osadawuniloda nawo amalira mbali ina. Mukaika ubwino wa mawu pa Very High, imene ndi pafupifupi 320 kbps, ola limodzi ndi 144 MB. Maola 8 patsiku ndi 1.15 GB, pa mwezi pafupifupi 35 GB. Ndiye anthu amasiya pa Automatic kuti bandulo ikhalitse, netiweki ikafooka pulogalamuyo imadzitsitsa yokha mpaka 96 kbps kapena kutsikirapo, ndipo masimbale a ng'oma amayamba kumveka ngati munthu akukazinga mazira. Pa foni simungamve bwino, koma pa masipika a mainchesi 8 aliyense amamva kuti china chake sichili bwino, ngakhale sangachitchule dzina.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi zimene Spotify imachita ndi zimbale za mtundu umenewu. Nthawi zambiri chimbale cha lounge si cha woimba mmodzi. Ndi nyimbo 12 kapena 15 zobwerekedwa ku timakampani tosiyanasiyana, iliyonse ndi mgwirizano wakewake, ndipo wosonkhanitsa anaziyala motsatana kuti ikutengeni pang'onopang'ono kuchoka pa dzuwa kufika pa mdima. Mgwirizano wa nyimbo imodzi ukatha, kapena ngati sukhudza dziko lathu lino, nyimboyo imasanduka yotuwa pa mndandanda, osaimba. Chimbale chimasanduka ngati mkamwa mwa munthu wagweluka mano: nyimbo yachitatu ilipo, yachinayi mulibe, yachisanu ikuyamba pakati chifukwa inasakanizidwa ndi ija yasowayo. Mukathawira ku mindandanda yokonzeratu yolembedwa kuti chill kapena lounge, mupeza tinyimbo tambiri ta mphindi ziwiri, tofanana ngati mazira a nkhuku imodzi, ta oimba amene simungawapeze kwina kulikonse. Sitikhumudwitsa munthu, zoona, komanso palibe mlendo adzaimirire kukafunsa pa kauntala kuti nyimbo imeneyi ndi ya ndani.

Ngati mwaumirira Spotify yomweyo, konzani izi. Zimitsani Autoplay, chifukwa mndandanda ukatha imayamba kusankha yokha ndipo pakapita ola mupeza mwafika kwina. Normalize Volume, yolinganiza kukwera kwa mawu, ikhale yoyatsa, pa Normal, osati pa Loud, chifukwa Loud imapanikiza mawu n'kupha kusiyana kwa pofatsa ndi pokweza. Crossfade, yolowetsa nyimbo yotsatira inzake isanathe, imafika masekondi 12, koma 6 ndi okwanira pa mndandanda wanu, ndipo pa chimbale chosakanizidwa kale muizimitse, musiye Gapless yokha, yochotsa kampata pakati pa nyimbo.

Mafayilo ogula ali ndi minga yawo, sindikana. Mitengo ili m'madola, mapaundi kapena mayuro, ndipo chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, nyimbo imodzi si ndalama yoseweretsa. Makadi ena amakana kulipira kunja. Kusiyana kwake n'kwakuti mumalira kamodzi. Mwezi umene forex yavuta mumangosiya kugula, koma zimene munagula kale zikuimbabe.

Malo ogulira si ofanana. Bandcamp mtengo ndi umodzi kaya mutenge MP3, FLAC kapena WAV (awiri omalizawa ndi mafayilo osataya ubwino wa mawu), ndipo laputopu ikabedwa mumalowanso mu akaunti n'kudawunilodanso zonse. Kumeneko n'kwawo kwa timakampani tating'ono ta nu jazz, broken beat ndi soul yamakono, koma zimbale zambiri za makampani akuluakulu kulibe. Traxsource ndiye mudzi wa soulful house ndi deep house, kuphatikizapo oimba ambiri a ku South Africa, pomwe Beatport imapendekera ku zovinira. Pa awiriwa chenjerani ndi kamtengo kobisika: mtengo umene mumaona ndi wa MP3, mukasankha WAV kapena AIFF amawonjezera ndalama pa nyimbo iliyonse, ndipo mumazindikira mwafika kale polipira ndi nyimbo 40 m'dengu. Pa bala musavutike nazo. MP3 ya 320 yochokera kwa eni ake ndi yokwanira, ndipo WAV ilinso ndi vuto losasunga bwino mayina ndi zithunzi za chimbale.

Msampha wina pa Traxsource ndi Beatport ndi wakuti nyimbo zambiri ndi zotalikitsira ma DJ. Zimayamba ndi ng'oma yokhayokha mabala a nyimbo 32 (bala imodzi ndi kugunda kanayi), amene pa 120 BPM ndi masekondi 64, n'kuthanso chimodzimodzi. Mukazindandalika popanda wosakaniza, mlendo amamva mphindi ziwiri za du-du-du pakati pa nyimbo ziwiri zilizonse. Funani zolembedwa album version kapena radio edit. Apo ayi ikani Mixxx, pulogalamu yaulere, muyatse Auto DJ kuti izilumikiza yokha.

Zimbale zakale za Café del Mar, Hôtel Costes kapena za Kruder & Dorfmeister a ku Vienna, njira yotsimikizika yozipezera zathunthu ndi CD yeniyeni. Wachibale amene ali ku Johannesburg kapena ku London atha kuzipeza zogwiritsidwa kale ntchito, inu n'kuzikopera mu laputopu ngati FLAC ndi pulogalamu ya Exact Audio Copy. Palibe nyimbo yotuwa pa CD.

Zofunika si zambiri monga anthu amaganizira. Nyimbo 300 za mphindi 6 ndi maola 30, ndipo pa MP3 ya 320 ndi 4.3 GB basi, pomwe pa WAV zikadakhala pafupifupi 19 GB. Zigaweni m'mafoda atatu: za masana zosapitirira 100 BPM, za dzuwa likulowa zokhala ndi mawu a oimba ndi malipenga, za usiku za 112 mpaka 122. Mu foda yachitatuyo amapiano ofatsa aja otchedwa private school, a anthu ngati Kelvin Momo, amalowa bwinobwino pambali pa deep house, ndipo alendo akwathu amawazindikira msanga. Musanaimbe, zidutsitseni zonse pa MP3Gain kapena ReplayGain ya mu foobar2000. Nyimbo za m'ma 1990 zinajambulidwa motsika poyerekeza ndi zamakono, ndipo mukapanda kuzilinganiza wa pa kauntala azingokhalira kupotokola voliyumu usiku wonse.

Pali mtengo umodzi umene njira zonse zinayi sizikupulumutsani. Kugula fayilo kapena CD ndi kugula ufulu womvera, osati woimbira gulu. Malo a bizinesi ku Malawi amafunika laisensi ya COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso limene linakhazikitsidwa mu 1992. Ku Zambia ndi ZAMCOPS, ku South Africa ndi SAMRO ndi SAMPRA, ku Britain ndi PRS ndi PPL. Iwerengereni mu bajeti ya chaka monga muwerengera laisensi ya mowa.

Mmene ndikuonera ine: mafayilo ogula ndiwo nsima, SomaFM ndi yofufuzira mayina atsopano masana kulibe alendo, Spotify isiyeni ikhale ya mahedifoni anu, YouTube ikhale ya mpira. Chipangizo choimbira chikhale chakechake, foni yakale yopanda simu kapena laputopu ya batire labwino kuti magetsi akathima mndandanda usasokonekere. Ilumikizeni ku ampu ndi waya wa 3.5 mm wopita ku RCA, osati Bluetooth, imene imafinyanso kachiwiri mawu ofinyidwa kale ndipo imalizitsa uthenga wa WhatsApp wa woperekera zakudya m'masipika onse. Ngati sipika imodzi ili pakhonde ina m'kati, yatsani Mono Audio, imene pa Android ili pansi pa Accessibility. Nyimbozi zimakonda kuika piyano kumanzere, gitala kumanja, ndipo mukasiya pa stereo okhala pakhonde amva theka la bandi.