Msasa wa pa Lifupa ku Kasungu: mthunzi ndi malo zilipo, zina zonse mudzitengere

Amene anafikako ku France, ngakhalenso amene amangoona zithunzi za kumeneko pa intaneti, amasirira malo awo ogona m'matenti. Dzikolo lili ndi malo oterewa oposa 7,000, ndipo amapatsidwa nyenyezi kuyambira 1 mpaka 5 ngati mahotela. Chomwe chimakopa anthu ndi makonzedwe ake. Banja lililonse limapatsidwa bwalo lakelake, nthawi zambiri pafupifupi mamita 10 mulitali ndi 10 mulifupi, lotchingidwa ndi mpanda wa zitsamba zodulira bwino, mtengo wamthunzi uli pomwepo. Mabafa ndi zimbudzi zili m'nyumba imodzi yapakati, magetsi amafika pa bwalo, ndipo m'malo ambiri buledi mumaitanitsa madzulo n'kukamutenga m'mawa akadali wofunda.

Funso n'lakuti munthu wa ku Kasungu kapena ku Mchinji angapeze kuti zofanana ndi izi popanda kukwera ndege. Yankho lathu ndi msasa wa pa Lifupa, mkati mwa Kasungu National Park, malo amene anthu a kuno amangoti ku gemu. Pa mthunzi, kutakasuka kwa malo ndi bata, Lifupa sagonja kwa aliyense. Pa zokonzeratu, monga magetsi a pa bwalo ndi buledi wa m'mawa, musayembekezere za ku France. Ameneyu ndi msasa wa m'tchire, ndipo amasangalala nawo ndi amene wabwera atakonzeka.

Pakiyi ndi yachiwiri kukula m'Malawi, kutsatira Nyika. Ili ndi malo oposa masikweya kilomita 2,300, inakhazikitsidwa ngati paki mu 1970, ndipo kumadzulo imachita malire ndi Zambia. Kuchokera ku Lilongwe mumatsata M1 mpaka m'tauni ya Kasungu, ulendo wa makilomita pafupifupi 130. A ku Mchinji ali ndi njira yachidule ya M18 yodzera pa Kamwendo. Kuchoka m'tauni kukafika pa Lifupa ndi makilomita 50 ndi pang'ono, kudzera pa chipata cha Lisitu, ndipo mkati mwa paki msewu ndi wafumbi. Thirani mafuta odzadza thanki m'tauni. Tengani chitupa cha unzika, chifukwa Amalawi amalipira ndalama yolowera yotsika poyerekeza ndi alendo akunja, ndipo mukhale ndi ndalama m'thumba m'malo modalira kulipira pa foni. Yesetsani kufika pa chipata isanakwane 3 koloko masana. Kukhoma tenti mumdima pamalo pamene pamadutsa mvuu ndi kudziputira mavuto.

Msasawu, pamodzi ndi loji, uli m'mbali mwa damu la Lifupa, ndipo damuli ndilo mtima wa malo onse. Muli mvuu zomwe zimamveka usiku wonse, m'mitengo ya m'mphepete mumatera nkhwazi, ndipo m'chilimwe njovu ndi nyama zina zimatsikira pomwepo kudzamwa. Munthu atha kukhala pampando tsiku lonse osayatsa galimoto koma n'kuona zambiri.

Nkhani ya mthunzi ndi imene iyenera kumvetsetsedwa bwino, chifukwa ambiri amakhumudwa posankha mwezi wolakwika. Nkhalango ya ku Kasungu ndi ya miombo: mombo, tsamba, muwanga, misuku. Yambiri mwa mitengo imeneyi imayoyola masamba m'chilimwe. Mu Meyi ndi Juni tchire limakhala lobiriwira, mthunzi wake wokhuthala, mpweya wozizira bwino. Ngati chimene mukufuna ndi kubiriwira konga kwa m'zithunzi za ku France, miyezi yake ndi imeneyi, koma udzu umakhala wautali ndipo nyama zimabisika. Mu Julayi ndi Ogasiti masamba amapepuka, udzu umauma, ndipo pena mumapeza pamene padutsa moto. Chakumapeto kwa Ogasiti mpaka Okutobala miombo imaphuka masamba atsopano ofiirira, ena ngati mkuwa, mvula isanagwe n'komwe. Kwa ife iyi ndiyo nyengo yokongola koposa, komanso ndi pamene nyama zimasonkhana pa madzi. Kuipa kwake ndi kutentha: mu Okutobala tenti yokhomedwa pa dzuwa siloweka kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka madzulo. Kuyambira Disembala mpaka Malichi misewu ya m'paki imaterera ndipo galimoto yaing'ono imatitimira m'madambo.

Pa msasa wa ku France bwalo amakuyezerani eni ake. Pano mumasankha nokha motsogozedwa ndi ogwira ntchito pamalopo, ndiye sankhani mwanzeru. M'miyezi yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto, choncho mtengo ukhale kumpoto chakumadzulo kwa tenti kuti ukutchingireni dzuwa la masana. Khomo la tenti lifulatire kummwera chakummawa, komwe kumachokera mphepo ya Juni ndi Julayi. Musanayale kalikonse yang'anani m'mwamba. Nthambi youma imathyoka usiku kukaomba mphepo, ndipo pansi pa mvunguti sipogona, popeza chipatso chake chimodzi chimalemera makilogalamu angapo. Kenako yang'anani pansi. Mukaona kanjira kopondeka kochokera m'madzi kulowera ku udzu, kokhala ndi mizere iwiri ndi ndowe zomwazika m'zitsamba, imeneyo ndi njira ya mvuu. Mvuu imatuluka kukada kukadya udzu ndipo imabwerera mbandakucha podzera momwemo. Ikadzidzimuka imathamangira kumadzi, ndipo chilichonse chimene chili pakati pa iyo ndi madziwo chimapondedwa. Tenti isakhale panjira imeneyi ngakhale malowo akongole motani.

Nthaka ya m'chilimwe ndi youma gwa. Tizikhomo ta waya tobwera ndi matenti a m'sitolo timapindika pa kumenya kwachiwiri. Gulani ku hadiweya misomali ya mainchesi 6, ikhale 12 kapena kuposa, muike wochala kumutu kwa uliwonse kuti chingwe chisapulumuke, ndipo mutenge hamala. Khomani mopendeketsa, mutu wa msomali uloze kutali ndi tenti. Pansi yalani lona, koma pindani m'mphepete mwake kuti asatulukire kunja kwa tenti, apo ayi mame ndi mvula zimayenderera pa lonayo n'kudikha pansi pa matiresi. Chiswe chimagwira ntchito usiku umodzi wokha: katoni, mphasa kapena chikwama chosiyidwa pa dothi chimapezeka m'mawa chitadyeka kunsi. Zonse zikhale m'galimoto kapena patebulo.

Malowa ndi okwera pafupifupi mamita 1,000, ndipo usiku wa mu Juni ndi Julayi kuzizira kumatha kutsika pansi pa madigiri 10, makamaka pafupi ndi madzi. Chisanu chambiri chimalowera pansi, ndiye bulangete limodzi liyalidwe pansi pa matiresi, awiri mufunde. Ana avale zipewa pogona.

Za madzi, mabafa, nkhuni ndi chakudya cha pa loji, imbani foni masiku angapo musananyamuke kuti mumve mmene zilili sabata imeneyo. Pa msasa uliwonse wa kutali ndi tauni pampu ikhoza kuonongeka, ndipo chitsulo chake chimachokera kutali. Mulimonsemo, madzi akumwa mubwere nawo: malita 5 pa munthu pa tsiku akumwa ndi kuphikira, kutanthauza kuti banja la anthu anayi logona masiku awiri lifunika zigubu ziwiri za malita 20. Mu Okutobala onjezerani chachitatu. M'damu musasambemo, musachapemo, ndipo ana asaseweremo. Kupatula mvuu, madzi odikha otere ndi amene amafalitsa likodzo. Buledi, mazira, tomato, anyezi ndi mtedza gulani mumsika wa m'tauni. Buledi amakhala bwino masiku awiri akasungidwa m'chidebe chotseka pa mthunzi. Wa tsiku lachitatu muwambe pa chiwaya.

Pophika, kasitovu ka gasi ndiko kabwino. Kutola nkhuni m'paki popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo thumba la makala ogula m'mbali mwa msewu nthawi zambiri ndi miombo yomweyi imene mwabwera kudzakhala pansi pake. Ngati mwaloledwa kukoleza moto, kolezani pamalo okonzedwa kale, palani udzu mamita 2 kuzungulira, ndipo pogona muuzimitse ndi madzi. Kukwirira ndi dothi kumasiya makala amoyo, ndipo mphepo ya mu Seputembala siichedwa kuwaulutsira mu udzu.

Anansi anu pano si mabanja ena kuseri kwa mpanda wa zitsamba. Njovu za ku Kasungu zinatha ndi opha nyama mozembera malamulo mpaka kutsala pafupifupi 50 cha m'ma 2015. Mu 2022 nthambi ya boma yoona za mapaki ndi nyama zakutchire, mothandizana ndi mabungwe oteteza nyama a IFAW ndi African Parks, inasamutsira kuno njovu 263 kuchokera ku Liwonde. Kwa mlendo izi zikutanthauza kuti mwayi woona njovu wakula kwambiri. Kwa anthu a m'midzi yozungulira pakiyi, kuno ndi ku Zambia komwe, nkhaniyi yabweretsa misozi: minda yaonongeka ndipo anthu ena ataya miyoyo. Ndiye agemu akakuuzani kuti musayende wapansi nokha, mverani. Zipatso, makamaka malalanje, nthochi ndi masuku, zisagone m'tenti. Zitsekereni m'galimoto mawindo ali otseka. Masana apusi ndi anyani amatsegula chikwama chilichonse chosiyidwa poyera, ndipo usiku fisi amanyamula mphika wosatsuka, nsapato ngakhalenso bokosi losungiramo zozizira. Potuluka usiku walitsani tochi mbali zonse musanaponde panja, ndipo mwana asapite yekha kuchimbudzi.

Kachilombo koyenera kukasamala kwambiri ndi kashembe. Kasungu ndi limodzi mwa madera a m'Malawi kumene ntchentche imeneyi imafalitsa matenda a kaodzera. Imakopeka ndi mtundu wa buluu ndi wakuda, n'chifukwa chake nsalu zoikolera zimakhala za mitundu iwiriyi, komanso imatsatira galimoto yoyenda. Valani zovala zakhaki kapena zotuwa, za manja aatali ndi nsalu yokhuthala chifukwa imaluma kupyoza malaya opyapyala, ndipo podutsa m'nkhalango yowirira tsekani mawindo. Si kashembe aliyense ali ndi matenda, koma mukamva kutentha thupi ndi mutu m'masabata atatu mutabwerako, kapena pamene munalumidwa patupa n'kuchita chilonda, pitani kuchipatala ndipo muwauze adokotala kuti munali ku gemu. Zizindikiro zoyamba zimafanana ndi za malungo, ndipo kuchedwa kumapha. Udzudzu nawo ulipo pafupi ndi damu, ndiye zipi ya tenti izitsekedwa dzuwa lisanalowe.

Amene akufuna mitengo yosayoyola masamba, udzu wotchetcha ndi malo oti ana azithamanga popanda kuwayang'anira mphindi iliyonse adzakhutira kwambiri ndi Luwawa, m'mapiri a Viphya kumpoto kwa Kasungu, komwe kuli mitengo ya paini, damu ndi mpweya wozizira. Kumeneko ndiye kumayandikira kwenikweni maonekedwe a ku Ulaya. Lifupa ndi wa banja la ana okulirapo omva malangizo, kapena kagulu ka anzanu anayi kapena asanu ndi mmodzi okhala ndi galimoto yokwera pansi. Gonani masiku awiri kapena atatu, mkati mwa sabata ngati n'kotheka, mu Juni mukafuna kubiriwira, mu Seputembala mukafuna njovu pa damu.