Rotary kapena dual action: ndi makina ati oyenera kukhudza penti ya galimoto yanu?

Anzanga okonda kusamala galimoto amandifunsa kawirikawiri kuti agule makina opolishira ati pakati pa rotary ndi dual action, amene ambiri amangoti DA. Ndimawauza kuti agule DA, ndipo sindibisa kuti rotary ndili nayo chifukwa.

Makina awiriwa amasiyana pa mmene siponji imayendera. Pa rotary imangozungulira pamalo amodzi, mphamvu ikuchokera ku mota mwachindunji, ndipo makina monga Makita 9237C kapena DeWalt DWP849X amapitirira maulendo 3,000 pa mphindi. Pa DA siponji imazungulira uku ikuyendanso m'kabwalo kakang'ono, choncho siikhalitsa pamalo amodzi. Mukaikanikiza kwambiri imasiya kuzungulira n'kumangonjenjemera. Ena amati kumeneko ndi kufooka, koma n'kumene kumapulumutsa penti.

Penti ya ku fakitale ndi yopyapyala kuposa mmene ambiri timaganizira. Magawo ake onse pamodzi nthawi zambiri amakhala pakati pa ma micron 100 ndi 180 (milimita imodzi ili ndi ma micron 1,000), ndipo gawo loonekera la pamwamba, limene amisiri amati clear coat, limangokhala pafupifupi 35 mpaka 50. Pepala lolembapo wamba ndi lochindikala kuposa pamenepo. Kupolisha ndi kupala gawo limeneli pang'onopang'ono mpaka lifanane ndi pansi pa zokandika, ndipo chimene mwapala sichibwereranso.

Galimoto yanga ndi yakuda, ndipo inali ndi timizere tochepa tobwera chifukwa chotsuka. Ndinaipereka kwa mmisiri wina amene anaigwira ndi rotary ya padi yaubweya m'malo mwa siponji. Tsiku loitenga inkawala moti ndinalipira mosanyinyirika. Nditaitsuka kangapo, dzuwa linaulula zonse: zitseko ndi boneti zinali ndi mizere yokhotakhota yonyezimira, imene imaoneka ngati ikuyenda munthu akamazungulira galimoto. Imeneyi ndi imene amati ma hologram, ndipo amabwera rotary ikagwira ntchito yodula popanda kumalizitsa ndi siponji yofewa. Mmisiriyo ankadziwa kuti alipo. Anangopakapo glaze, mankhwala a mafutamafuta amene amadzaza timizere osatichotsa, ndipo sopo atatsuka mafutawo mizere inabwerera poyera.

Chimene chinandiwawa kwambiri chinali pa mzere wopindika wa chitseko chakumbuyo. Panali kamalo kotuwa, kotalika ngati chala, pamene clear coat inapsa n'kutheratu. Malo otere sapolishika, ndipo kuwaziga pokhapo kumasiya chizindikiro. Panafunika kupopera chitseko chonse mwatsopano, kenako n'kulimbana ndi kufananitsa mtundu wake ndi wa chitseko choyandikana nacho. Ndalama ya ntchito imeneyi inaposa ya makina abwino a DA pamodzi ndi masiponji ake, pa galimoto imene inangopita kukachotsa timizere.

Zimenezi sizichitika mwangozi chabe. Mphepete mwa padi ya rotary mumathamanga kwambiri kuposa pakati pake, ndiye mukaipendeketsa pang'ono mphamvu yonse imathera pa kachigawo kakang'ono ndipo kutentha kumakwera m'kanthawi kochepa. M'makona ndi pa mizere yopindika penti imakhala yopyapyala kale. Bampa ya pulasitiki ndiye yoopsa kwambiri chifukwa siimwaza kutentha ngati chitsulo, moti penti imatha kukwinyika musanazindikire. Ngati mukupereka galimoto kwa munthu wa rotary, musalipire asanapukute kachigawo kamodzi ndi isopropyl alcohol (mtundu wa spiriti yopukutira) wosakaniza ndi madzi kuti mafuta a glaze achoke, inu n'kuyang'anapo padzuwa kapena ndi tochi yowala kwambiri.

Ngakhale ndili ndi chidandaulo chimenechi, rotary ili ndi ntchito yake imene sindingaikane. Galimoto yongopoperedwa kumene, imene yakhulidwa ndi sandipepa wosalala kwambiri wa nambala 1500 kapena 2000, rotary imaiwalitsa mofulumira kwambiri. Pa clear coat yolimba ngati ya galimoto zambiri za ku Germany imapulumutsa maola. Siinjenjemeretsa manja, ndipo mukaiika kambale kakang'ono komatirapo siponji imalowa m'malo opanikizika bwinobwino. Koma taonani mmene amisiri ambiri osamala amachitira: amadula ndi rotary, kenako amamaliza ndi DA kuti achotse mizere imene rotary yasiya. Ndiye kuti wogula rotary nthawi zambiri adzafunabe DA, pamene wogula DA akhoza kumaliza galimoto yonse ndi makina amodzi.

DA nayo ili ndi zake. Imachedwa, imachititsa dzanzi m'manja mukaigwira nthawi yaitali, ndipo pa malo okhota imaima kuzungulira inu osadziwa. Jambulani kamzere ndi cholembera pa mbale yomatirapo siponji kuti muziona ngati ikuzunguliradi. Kamzereko kakaima, makina akungolira popanda chimene akuchotsa.

Pali ndalama ina yobisika imene ogulitsa satchula, ndipo ili pa kukula kwa kabwalo kamene siponji imayendamo. Makina akale a DA ngati Porter-Cable 7424 amayenda mamilimita 8. Kenako kunafala a 15 ndi a 21, makamaka a Rupes BigFoot, amene amadula mofulumira komanso mosanjenjemera kwambiri. Vuto ndi loti makinawa ali ndi chitsulo cholemera mkati chimene chinayezedwera kukula kumodzi kwa mbale: a 21 amayenda ndi mbale ya mamilimita 150, a 15 ndi ya 125. Simungangoikapo kambale ka 75 n'kuyembekeza kuti ziyenda bwino. Padenga ndi pa boneti a 21 amakoma kwabasi, koma mukafika pa mizati ya mawindo, pa bampa ndi pozungulira zogwirira zitseko amakhala aakulu kwambiri, ndiye mumapezeka mukugula makina achiwiri aang'ono. A mamilimita 8 amalandira mbale ya 125 ndi ya 75 yomwe, n'chifukwa chake ndimawakondabe ngakhale ena amawaona ngati achikale.

Musaganizenso kuti mbale ya makina amodzi idzalowa pa ena. Pomangira mbale, rotary imakhala ndi mazinga a saizi ya M14 kapena a 5/8 inchi, pamene DA zambiri zili ndi a 5/16. Masiponji nawo amafunika angapo pa galimoto imodzi chifukwa amadzaza mankhwala ndi fumbi la penti, ndipo pa DA siponji ikatentha imayamba kubooka pakati.

Pakati pa awiriwa pali makina a magiya monga Flex XC 3401 VRG ndi Makita PO5000C, amene amayenda ngati DA koma saima mukakanikiza. Amadula bwino pa malo okhota, koma amakoka mikono, ndipo chitetezo chija chosiya kuzungulira palibe. Za phokoso ndi kulemera musataye nazo nthawi, kusiyana kwake sikungakusinthitseni maganizo.

Kwa munthu wosamala galimoto yake ndi za pabanja, DA ya mamilimita 8 kapena 15 ndi yokwanira. Ndalama yotsala mugulire kachipangizo koyezera kuchindikala kwa penti, podziwa kuti kamayeza magawo onse pamodzi osati clear coat yokha, komanso kuti tambiri timeneti sitiwerenga pa pulasitiki. Matani tepi m'makona ndi pa malabala musanayatse makina aliwonse. Amene mtima wake uli pa rotary ayambe wapeza boneti yakale yotayidwa, aiotche dala kangapo kuti aone mmene penti imathera msanga m'mphepete, asanayandikire galimoto ya munthu.