Anandiphunzitsa kuyendetsa galimoto, osati kungokhoza mayeso

Sukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto imene ndinaphunzirako ndikuipatsa nyenyezi 4 pa 5, ndipo amene akufuna laisensi ya B (ya galimoto zing'onozing'ono) muno mu Blantyre ndingamuuze kuti apite popanda mantha. Ndinalembetsa ndili mayi wamkulu kale, wa ana atatu, woti chiwongolero ndinali ndisanachigwirepo. Lero ndimapita ndekha kukapikula katundu ku Limbe.

Chimene chinandigwira mtima poyamba ndi nkhani ya mapepala. Aliyense amene anafikako ku Road Traffic ku Ginnery Corner akudziwa kuti munthu wachilendo mutu umazungulira, sudziwa kuti uyambire pati. Mlembi wa pasukuluyi anandikhazika pansi n'kundifotokozera ndondomeko yonse: kutenga chiphaso cha unzika, kukalembetsa mu MalTIS (kaundula wa pakompyuta wa Road Traffic) kuti akujambule ndi kutenga zidindo za zala, kupeza Traffic Register Card, kuyezetsa maso, kenako mayeso a Highway Code (malamulo a pamsewu) kuti upatsidwe laisensi yophunzirira. Anandiuzanso kuti ndalama iliyonse ndilipire ndekha ndipo risiti ndizisunga. Madobadoba anandiletsa kotheratu. Mawu awo anali akuti, "Amayi, wina akakuuzani kuti akuthandizani mwachidule, mukaneni. Laisensi yogula sidzakugwirirani buleki." Ndinatsatira zimenezo ndipo sindinapereke ndalama kwa munthu aliyense m'manja.

Maphunziro a m'kalasi ndi abwino ndithu, ngakhale chipinda chake n'chothina. Zikwangwani za pamsewu amazifotokoza m'Chichewa kenako n'kukuuza mmene funso lake limabwerera m'Chingerezi, zomwe zinathandiza kwambiri anzathu ena amene sukulu sanapite nayo patali. Ndi pomweponso pamene ndinamvetsa kusiyana kwa makodi: B ndi ya galimoto zosapitirira makilogalamu 3,500, C1 imafika pa 16,000, ndipo wofuna kunyamula anthu pa malipiro, monga wa minibasi, amafunikanso chilolezo chapadera chotchedwa PrDP pamwamba pa laisensiyo. Mnyamata wina m'kalasi mwathu ankafuna B pomwe cholinga chake chinali ntchito ya lole. Anamulangiza asanawononge ndalama.

Koma mtima wa sukuluyi ndi aphunzitsi a pamsewu. Amene ankandiphunzitsa ine ndi bambo achikulire, odekha, osakalipa ngakhale galimoto itazima pakati pa msewu anthu akuimba hutala kumbuyo. Amangoti, "Asiyeni aimbe, amayi, pondani kalachi, bwezani giya, lizani." Blantyre ndi mzinda wa zitunda, ndiye kunyamuka pachitunda anakulimbikira kwambiri. Ankandiimitsa dala pamtunda, handibuleki m'mwamba, kuti ndimve pamene kalachi wagwira, galimoto ikayamba kunjenjemera pang'ono, ndiyeno n'kutsitsa handibuleki osabwerera m'mbuyo. Tinabwereza mpaka phazi linazolowera lokha. Rivesi ndi kupaka pakati pa galimoto ziwiri anandiphunzitsa poyang'ana magalasi, osati poloweza kuti ndikafika pa mtengo wakutiwakuti ndikhote. Ndamva kuti kwina amaloweza choncho, munthu n'kukhoza mayeso, koma akapita kumsika kupaka kumamukanika.

Sanandibisenso m'misewu yopanda anthu. Nditangoyamba kulimba mtima ananditengera mu Chipembere Highway, pa raundabauti ya pa Chichiri, kenako mkati mwa Limbe dzuwa lili paliwombo, pamene minibasi zimaima paliponse, akabaza a njinga zamoto akutulukira mbali zonse, oyenda pansi akudumpha msewu osacheuka. Tsiku limenelo manja ananyowa thukuta. Koma ndi tsiku lomwe ndinaphunzira kuti pa raundabauti umadikira wochokera kumanja, kuti indiketa uyatse nthawi ikadalipo, ndiponso kuti usanakhote uyang'ane paphewa chifukwa wa njinga sawoneka pagalasi nthawi zonse. Izi ndi zinthu zopulumutsa moyo wa munthu, ndipo ndimawathokoza bambo amenewa kuchokera pansi pa mtima.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zifukwa zomveka. Galimoto zophunzirira ndi zochepa poyerekeza ndi chiwerengero cha ophunzira. Umafika nthawi yako, n'kupeza galimoto sinabwere, kapena mwakwera atatu n'kumalandizana chiwongolero, mphindi zako n'kuchepa. Kwa ife ochita bizinezi, amene tatseka pamalo kuti tibwere, zimapweteka. Imodzi mwa galimotozo kalachi wake ndi wotha, wolimba ngati mwala, ndipo wophunzira watsopano angaganize kuti vuto ndi iyeyo. Komanso tsiku likasintha sakuimbira foni, umakamvera komweko. Eni sukulu, chonde konzani zimenezi, chifukwa aphunzitsi anu akugwira ntchito yotamandika ndipo sakuyenera kumapepesa m'malo mwanu. Mtengo si wotsika, koma anandiuza zonse poyambirira ndipo analola kulipira pang'onopang'ono. Panalibe za "muwonjezere ya mafuta" pakati pa ulendo.

Pa tsiku la mayeso a pamsewu aphunzitsi anandiperekeza, galimoto inali yomwe ndinaizolowera, chikwangwani cha L chili pamalo pake. Usiku wake anandiuza kuti ndigone msanga, ndisayesere chatsopano chilichonse, ndipo ndikalowa ndiyambe ndi mpando, magalasi ndi lamba. Woyesa anandiyendetsa m'tauni, anandiimitsa pachitunda, anandiuza kubwerera rivesi. Palibe chimene chinali chachilendo. Ndinakhoza.

Ngakhale nditamaliza sananditaye. Nditapita kukatsanzika, mlembi uja anandikumbutsa kuti laisensi imatha pakapita zaka 5, ndiye ndiziyang'ana tsiku lolembedwa pakhadi n'kukaikonzetsanso lisanakwane, osadikira kuti apolisi apamsewu ndiwo andikumbutse pa rodibuloko. Anandilangizanso kuti ndisathamangire ulendo wautali wausiku pa M1 ndisanazolowere.

Amayi anzanga amene mukuzengereza poganiza kuti msinkhu wapita, pitani mukalembetse. Pemphani nthawi ya m'mamawa, galimoto zisanayambe kuchedwa, ndipo ngati mungathe phunzirani ya magiya, chifukwa mukaidziwa imeneyo ya otomatiki siidzakuvutani. Mwana wanga wamkulu akwanitsa zaka 18 chaka chamawa, ndipo ndamuuza kale kuti akaphunzira komweko, kwa bambo omwewo.